Kaseti Yatsopano ya Chimphepo ndi Pakamwa Panga

Ndikamakumbukira tsiku limeneli ndimayamba ndathokoza Mulungu kuti mwana wanga Agnesi ali pabanja mpaka lero, chifukwa ine mayi wake ndinatsala pang'ono kumupasulira ukwati usanayambe n'komwe. Si mowa ayi (sindimwa ine). Ndi pakamwa pokha.

Ife a msinkhu wathu tinakulira nyimbo za Chimphepo. Ameneyu anabwera ndi gitala yamagetsi kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo ikalira pa wailesi ngakhale wopalira chimanga ankaponya khasu. Nkhope yake sitinkaidziwa. Tikanaionera kuti? Masiku amenewo kanema kunalibe, wailesi inali imodzi dziko lonse, woyimba tinkangomudziwa mawu. Kenaka anangoti zii zaka zambirimbiri, ena mpaka ankati anamwalira. Ndiye mwadzidzidzi, ine ndili kale ndi ana asanu ndi mmodzi, tinamva kuti watulutsa kaseti yatsopano.

Mkangano wake! Aphunzitsi a ku Bembeke, owerenga nyuzi aja, ankati mwalembedwa kuti mkuluyu tsopano wakhwima, nyimbo zake n'zozama. Ife ogulitsa mbatatesi pamsewu tinkati kuzama kwanji, munthu watopa basi.

Tsono Agnesi anapeza mnyamata wa ku Mayani, Feliksi, kalipentala waulemu wake. Linafika tsiku loti atsibweni a mnyamatayo adzaonane ndi achimwene anga, a katekisiti, amene ndiwo ankhoswe a Agnesi, kuti nkhani imangike. Mlendo analawirira, achimwene asanafike. Anali bambo wa imvi, wa jekete yakuda, wotsimphina pang'ono, ndipo anati ndi a Mbewe. Amuna anga anali kudimba, ndiye ndinawaikira mpando padzuwa pafupi ndi mtengo wa pichesi (kuzizira kwa Juni kwathu kuno mukukudziwa), n'kuwapatsa tiyi ndi mbatata. Kuti asasungulumwe ndinawatsegulira wailesi, ine ndili pamphasa chapatali kusankha nyemba.

Si nyimbo yatsopano ya Chimphepo iyo! Ija yonena za munthu wokhala pakhonde kukumbukira anzake amene anatsogola. Ndinadzuka n'kuzimitsa.

"Pepani bambo, tisathe mabatire ndi zimenezi."

"Simuikonda, mayi?"

Apa m'pamene mngelo wondisunga akananditseka pakamwa (koma ndiyesa nayenso anali kudimba).

"Iii bambo, mkulu ameneyu akanangopuma. Mawu aja anatha, akumveka ngati chitseko cha khola. Nyimbo iyi maliro, inayo maliro. Kaseti yake ndinabwereka kwa anzanga, mbali yoyamba sindinamalize, tulo!"

"Komatu anyuzi ayamikira," anatero akuuzira tiyi.

"Anyuziwo anayamba avinapo?"

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ine ndinati eya, wogwirizana nane ndamupeza.

"Nanga zakalezo zinali bwanji, mayi?"

Ndinaika lichero pansi. Ndinamanga chitenje bwinobwino. Ine, mayi wotsogolera mapemphero a m'mphakati, korona ili m'khosi, ndinayamba kuyimba ija tinkavina tili atsikana, mapazi akudziwa okha kopita. Nkhuku zinabalalika.

"Pamenepo mwalumpha mawu," anatero mlendo.

"Ayi bambo, musandiphunzitse. Nyimbo iyi ndikuidziwa kuposa mwini wake."

Belu la njinga linalira kumbuyo kwanga. Achimwene anaima mwendo umodzi uli pansi, kukamwa kuli yasa.

"Mlongo, n'chiyani chimenechi?"

Ndisanayankhe anatsamiritsa njinga, n'kukagwira mlendo chanza ndi manja awiri.

"Pepani a Mbewe, ndachedwa. Mlongo, wawazindikira eti? Awatu ndi a Chimphepo a pa wailesi aja. N'chifukwa chake ukuwavinira?"

Sindikudziwa kuti kukhitchini ndinafikako bwanji. Ndinapeza Agnesi akulira ndi chitenje kukamwa, poti zonse ankamva. Iyeyu ankadziwa, koma anabisa dala kuti adzandidabwitse, podziwa mmene ndinkawakondera.

"Amayi mwandipha. Feliksi analeredwa ndi iwowa. Akakana iwo, basi zatha."

Ndinagwada pafupi ndi nkhuni n'kuyamba korona, koma kunena zoona khutu limodzi linali panja. Achimwene ndi mlendo ankalankhula motsitsa, nthawi yaitali, osaseka ngakhale kamodzi.

Kenaka achimwene anandiitana. Ndinakagwada patali, maso ali pansi.

"Bambo, mundikhululukire. Mwana wanga sanalakwe kanthu, wolakwa ndine."

"Mayi," anatero a Mbewe, "zoti mawu anatha n'zoona, ndimadzimva ndekha. Za maliro n'zoonanso. Anyamata anayi amene ndinkayimba nawo, onse ndinawaika m'manda ndi manja angawa. Ndiyimbe chiyani china?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Koma chitseko cha khola, mayi? Cha khola?"

Anaseka mpaka kutsokomola, achimwene akuwasisita pamsana.

"Mwana wanu tamulandira ndi manja awiri. Koma mawu aja munalumphadi."

Loweruka lake ndinapita kukalapa. Ndinafotokoza zonse, ndi kuvina komwe. Bambo mfumu anafunsa monong'ona:

"Mbali yachiwiri munamvera?"

"Ayi, Bambo."

"Aaa, ndiye mwanyoza musanamve! Zokoma zili komweko. Mukanene Tikuoneni Maria atatu, ndipo mukamvere kasetiyo mpaka kumapeto."

Ndinakamvera, ndipo ndisaname, nyimbo yotsiriza yonena za mayi a Chimphepo inandigwetsa misozi. Ndikuthokoza kuti a Mbewe anali munthu wa mtima wabwino, anatilerera zidzukulu mpaka tsiku lawo lomaliza. Komabe, Mulungu andikhululukire, nyimbo zinali zakale zija. Kungoti masiku ano ndisananene zimenezi, ndimayamba ndafunsa mlendo ntchito imene amagwira.