Lilime la a Laston

Pepani owerenga, kuti ine mphunzitsi wamba wa masamu ndalimba mtima kulemba za munthu amene Golomoti yense ankamudziwa kuposa ine. Ndikalakwitsa chaka kapena dzina la chitsulo mundikhululukire. Ndinafunsa anthu, koma sanagwirizane.

A Laston, makaniko wathu wa pansi pa mlambe, ankayeza galimoto ndi lilime. Sindikukokomeza ayi. Mwina pang'ono. Lole ya thonje ikafa, iwo ankaviika chala mu oyilo n'kunyambita, maso ali otsinzina ngati mayi wolawa ndiwo.

"Iyi yamwa madzi a mu mtsinje wa Bwanje," anatero tsiku lina.

"Mwadziwa bwanji, achimwene?" anafunsa dalaivala.

"Ndamvamo chule."

Atatsegula injini anapezadi madzi. Chuleyo sindinamuone, choncho sindingaikire umboni.

Petulo ankamukoka ndi pakamwa pa kapaipi, n'kuyamba achukucha m'kamwa asanalavule, kuti amve ngati muli palafini. Waya wa mtovu womatira ladiyeta ankauluma tsiku lonse ngati ndudu. Mabatire akutha ankawaswa ndi nkhwangwa, n'kusungunula mtovu wake m'chitini kuti asodzi a ku Mtakataka azimizira maukonde. Pamoto womwewo pankapsanso chimanga chawo. Ine ndinkaima chapatali kudabwa kuti kodi lilime la munthu lingasunge zinthu zingati.

Cha m'ma 1986, kapena 1987, zinayamba kusintha. Anayamba ndi kukalipira akazi awo, a Gladys.

"Amayi, lero mwaphika misomali?"

"Ndi mpunga uwo, bambo. Misomali njodula, sindingakuphikireni."

Tinaseka sabata yonse. Koma tiyi nayenso anayamba kumveka chitsulo m'kamwa mwawo, mango chimodzimodzi. M'mimba munkapota, ndipo dzanja lamanja linalefuka n'kumangolendewera, sipanala n'kumagwa yokha. Ena ankati awalodza amakaniko anzawo. A Wilfred a kuchipatala anawayang'ana m'kamwa, n'kuona mzere wakuda m'mbali mwa usinini.

"Madala, mtovu wa m'mabatire ndi m'petulo wadzaza m'thupi. Lekani kulawa."

"Ndileke? Inuyo mungayeze wodwala osamumvera pachifuwa?"

Anawapatsa mankhwala a m'mimba. A Laston analawa n'kugwedeza mutu. "Adokotala, awanso ali ndi dzimbiri."

Tsiku limene sindidzaiwala, kunabwera lole ya nsomba ikutsokomola. A Laston anaviika chala cha kumanzere, n'kunyambita. Tonse tinkadikira nthabwala. Ananyambitanso.

"Sindikumvamo kanthu," anatero motsitsa mawu. "Chitsulo chokhachokha. Pitani nayo ku Dedza, mwana wanga."

Aka kanali koyamba kubweza galimoto. Thonje la chaka chimenecho sanalione, anamwalira lisanakololedwe.

Lero pansi pa mlambe magalimoto akukonzedwabe, koma palibe amene amapatuka njira kudzaonerera. Dalaivala amangokhala pa tayala n'kumawodzera. Ine si dokotala, ndipo sindinganene motsimikiza kuti unali mtovu wokha. Chimene ndikuona n'chakuti amakaniko atsalawo akukokabe petulo ndi pakamwa, n'kumadya zitumbuwa ndi manja akuda bii.

Choncho ndasiya kuima chapatali. Loweruka lililonse ndizipita kumeneko ndi beseni, sopo ndi kapampu kokokera petulo. Ayamba kale kunditcha a Sopo, ndipo akandiona amaseka mpaka kugwira m'mimba. Asekebe, bola asambe.