Swichi ya Adada Chirambo

Dilu inabadwira pa Bolero, kuseri kwa chigayo, Loweruka masana, chipanda cha masese chikuzungulira anthu atatu. Mwini nzeru anali Amock, yemwe ankadzitcha Injiniya ngakhale sukulu yake yonse ya umakaniko inali mavidiyo a pafoni.

Amock ankayendetsa takisi ya alamu ake, a Elias, pakati pa Bolero ndi Rumphi Boma. Mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, swichi ya fani ya padashibodi inafa. Mvula ikangoyamba, galasi lakutsogolo linkachita nthunzi, ndipo Injiniya ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta galasi ndi chipewa. Tsiku lina anangotsala pang'ono kugunda ngolo ya ng'ombe, apaulendo nkutsika onse akumutukwana. A Elias ananena mawu amodzi: likafika Lolemba fani isakuzungulira, makiyi abwerere.

"Aise, swichi imeneyi ngakhale ku Mzuzu ndi yosowa," anatero Amock. "Koma pa Bolero pompano ilipo. Galimoto ya adada Chirambo ndi mapasa ndi yanga."

A Laws Chirambo anali mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, munthu amene anakwapulapo theka la Bolero. Manasseh, yemwe ankatchedwa Bishopu chifukwa cha jekete lakuda losavulidwa, anadzigwira kumbuyo atangomva dzinalo.

"Madala aja? Mkono wawo ndimaukumbukabe."

"Mawa ndi Sabata, mani," anatero Amock. "Mapemphero ndi maola atatu. Timasula yawo, tiikamo yanga yakufayi, titseka bwinobwino. Iwo adzati yafa yokha. Kodi kumeneko ndi kuba? Nkusinthana chabe."

Watipaso, wachitatu wawo, ankatchedwa Diso. Ntchito yake inali kulowa m'tchalitchi, kukhala kumbuyo, ndi kuimba foni mapemphero akamatha.

"Shasha!" anatero Diso, natukula chipanda. "Apolisi adzatiphunzira kukoleji."

Mmawa mwake galimoto ya a Chirambo inali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi. Chitseko chosakhoma, makiyi ali pomwepo. Ndani angabe pakhomo pa Mulungu? Amock anaona ngati kumwamba kwavomereza.

Diso analowa, nakhala pabenchi yomaliza. Sipanathe mphindi khumi, wolengeza anati alendo aimirire. Mayi wina wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anamugunda ndi chigongono mpaka anaimirira.

"Dzina, dada?"

"Watipaso Mkandawire," anayankha, nawonjeza mudzi ndi mfumu yomwe, poti mantha alibe bodza. Anamuombera m'manja, namutengera kubenchi yakutsogolo, pafupi ndi a Chirambo enieniwo, namuuza kuti azimitse foni.

Panja, Injiniya anali atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili pampando. Anakanula pulasitiki ya dashibodi ndi mpeni wa patebulo, tizomangira tiwiri nkuthyoka. Masikuluwu anayi anawaika m'kamwa. Atasolola swichi, anainunkhiza, nkhope nkugwa. Inali yopsa, yakuda kuposa yake.

"Tabera mtembo," analankhula movutikira, masikuluwu ali m'tsaya.

Bishopu, amene ankafufuza maswiti m'kabokosi ka kutsogolo, anatulutsa kakatoni. M'katimo munali swichi yatsopano, ili m'pepala lake.

"Injiniya, taona! Madala anagula kale. Tiye tithawe!"

Munthu wanzeru akanathawa. Koma Amock anali ndi mbiri yoti aiteteze.

"Ukudziwa bwanji kuti ndi yamoyo? Zinthu za masiku ano nzachinyengo. Katswiri satenga katundu osamuyesa."

"Ukayesera kwanu!"

"Ikakakhala yakufa, tidzabweranso Sabata yamawa? Gwira tochi."

Analumikiza mawaya, namanga masikuluwu onse anayi, poti swichi yolendewera, anatero, imanama. Anabwezeranso ngakhale pulasitiki, akuikhoma ndi chibakera, osaona kuti wapanikiza waya wa hutala. Kenaka anapotokola kiyi.

Fani inapuma ngati mwana wogona. Anapotokola swichi: wani, thuu, fili. Mpweya wofunda unawaomba kumaso, ndipo Amock anamva misozi ikubwera. Pa moyo wake wonse, aka kanali koyamba kuti chinthu chimene wachigwira chigwire ntchito.

Pomwepo hutala inayamba kulira. Sinalire kamodzi. Inangotsegula kukamwa osatsekanso. Amock anazula kiyi, koma inkalirabe. Bishopu anavula jekete lija koyamba m'zaka zisanu nkuphimba nalo chiwongolero, ngati phokoso limachokera pamenepo. Atati atuluke, thumba la buluku linakodwa pa giya.

Ulaliki unaima. Oyamba kufika anali amayi a Umanyano, atavala zoyera, nazungulira galimoto ngati mpanda. Pambuyo pawo a Chirambo ankabwera osafulumira, atagwira dzanja la mlendo wawo wolemekezeka. Diso atangoona anzake anafuula:

"Injiniya, foni anandizimitsitsa!"

Mkuluyo anatsegula boneti, nazula kawaya kamodzi, dziko nkukhala chete. Anasuzumira m'galimoto, naona kakatoni kopanda kanthu, naona maswichi awiri akufa pampando.

"Amock Nyirenda. Sitandade 6, wothawa masamu. Makiyi."

Amock anapereka ndi manja awiri. A Chirambo anakhala pampando, nayatsa, napotokola swichi. Mpweya unatuluka. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Masabata atatu ndakhala ndikudikira makaniko wa ku Mzuzu. Yewo chomene, mwana wanga. Ntchito yabwino."

"Yewo, adada," anatero Amock, mtima ukuyamba kutsika. "Ndiye ife tizipita."

"Muzipita, inde. Khalani kumbuyo nonse atatu. Ndikuperekezani."

Kupolisi sikunali kutali, koma a Chirambo anati ntchito yatsopano imafuna kuyesedwa mokwanira. Anadzera njira yozungulira, ya kuminda ya fodya, dzuwa la masana lili pamutu. Anatseka mawindo onse kupatula lawo, naloza timabowo tonse ta mpweya kumbuyo, naika kutentha kwa hita pamapeto penipeni. Amayi awiri a Umanyano anakhala m'mbali mwa zitseko, akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo, osadandaula ngakhale pang'ono.

Thukuta linkatsika ngati mvula ya padenga. Diso ankalira kuti iye anangobwera kudzapemphera. Bishopu ankatchula mayina a ana ake mmodzimmodzi. Amock anaganiza za a Elias, za takisi imene sadzaigwiranso, za mkazi wake akumva nkhaniyi kumsika. Komabe khutu lake linali pa fani ija, ikuzungulira mosalala, yopanda kaphokoso kachilendo nkomwe.

Atafika pachipata cha polisi, Amock anasendera kutsogolo, malaya atamatira pamsana.

"Adada, musanatitsitse," anatero mwaulemu, "tayesaniko nambala folo. Ija sindinaiyese."