Chigoli cha Vitumbiko ndi nthungululu zanga

Sendezani mpando kufupi kuno, sindifuna a NyaMoyo amve, akukumbuka kale zokwanira.

Vitumbiko, mwana wa mlongo wanga, ndinamulera ndine ankhazi ake kuyambira akumenya chikulunga ku Luwawa. Anakwera ndikuona: timu ya pa Boma pano, kenako ku Blantyre, kenako ku Joni komwe anavulala bondo nakhala chaka osagunda mpira. Atachira, mbwenu uthenga uwu, amuitana ku timu ya dziko. Ine wogulitsa tomato mumsika wa Mzimba, mukuganiza ndinakhala chete? Ngakhale wogula mulu umodzi ndinkamuikira mbiri yonse ya bondo ngati basela.

A NyaMoyo, ogulitsa usipa pafupi nane, omwe mwana wawo amayendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa, ankangoti, "Tidzaona, NyaJere." Ndinati akaone ndithu. Loweruka masana ndinawakoka pamodzi ndi amayi ena a mumsika kupita ku holo ya kanema, ine nditatchena chitenje cha ku ukwati. Mpira ndinali ndisanauonerepo, koma ndinafunsa mwanzeru kuti athu akugoletsa mbali iti. Anandilozera kumanja. Ndinasunga chomene, paja ine sindiiwala kanthu.

Chigawo choyamba chonse mwana wanga anali pa benchi akutafuna chingamu. "Ntchito yabwino," anatero a NyaMoyo, "yosatulutsa thukuta." Atapita kopuma ndinatuluka kukapemphera kuseri. Palibe anandiuza kuti akapuma amasinthana magoli. Zoona anthu akuluakulu, kusamuka ntchito ili mkati?

Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, Vitumbiko analowa. Mpira unabwera m'mwamba, iye nadumpha, mutu gu, ukonde gwedee, kumanja kwenikweni kuja. Nthungululu yanga inamveka mpaka ku chipatala. Ndinakwera pa fomu, ndinavina, ndinawagwedeza mapewa a NyaMoyo: "Lole yanu ija inaonekapo pa kanema?" Holo yonse zii. Ndinati ndi nsanje. Pa kanema Vitumbiko atagwada, manja kumutu, ine nkumauza anthu kuti mwanayo ngopemphera, watengera ine.

Bambo wina anandikoka chitenje pang'onopang'ono. "Amama, tsikani. Wadzichinya yekha. Tatuluka mumpikisano."

A NyaMoyo anandigwira dzanja potsika, mwaulemu wonse. "Yewo potiitana. Wanga uja matabwa amakatsitsa komwe amutuma."

M'mawa mwake Vitumbiko anaimba foni, mawu ngati wodwala malungo. "Ankhazi, munaonera?" Ndinati ayi mwananga, kuno magetsi anazima. Ndinamumva akupuma, mtima utakhala pansi.

Ku timu ya dziko anayamba amuiwala kaye, koma pano amuitananso. Ine ndinalumbira, nthungululu sindiimbanso ndisanaone nkhope ya a NyaMoyo. Ikachita tsinya, ndiye kuti chigoli nchathu.

Kauzeniko anzanu omwe ana awo amasewera mpira, koma ndapota, nkhaniyi isakamufike Vitumbiko. Iye amadziwa zoti magetsi anazima.