Kamunthu Kodumpha Maenje

Lolemba
Alamu anga a Yohane abwera kuchokera ku Lusaka ndi kabokosi kolumikiza pa TV. Akuti ndi gemu. Muli kamunthu kothamanga, kodumpha maenje. Ana akukana kudya, ndiye ndawalanda. Atapita kusukulu ndakayesa kuti ndione chikuwapengetsa. Ndagwera m'dzenje loyamba lomwe. Ine, dolo wa jingo ku Tamanda konse! Alamu akuti kumapeto kuli nyumba yachifumu, koma iwo sanafikeko. Kabokosi abwerera nako Lamulungu. Ndifikako ine.

Lachiwiri
Zomwe ndaphunzira: kabokosi sikasunga pomwe wafika, ukazimitsa uyambiranso, kupendeka ndi thupi lonse sikuthandiza kamunthu, nyemba sizidikira munthu. Zapserera. Bambo a m'nyumba ndawauza kuti makala a masiku ano ngoipa.

Lachitatu
Ndili pakati pa mlatho wa mu gemu, pakhomo "Odi!" Apongozi anga, mayi a amuna anga, ochokera ku Chipangali, thumba la mtedza pamutu. Apongozi salonjeredwa ndi nkhongo. Ndagwada. Moni wawo wayambira pa mvula, wadzera pa thonje, wathera pa mbuzi yodwala. Kumbuyo kwanga kamunthu kakufa, ndikumva kanyimbo kake. Mtima ukundiwawa, koma ndikuyankha kuti tonse tili bwino.

Lachinayi
Kani pali batani loimitsira. Alamu amalidziwa, amangondionerera. Vuto lina: sindingakhale pampando apongozi ali pamphasa. Ndikusewera nditakhala pansi, khosi m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Apongozi akuyang'anitsitsa. "Kalakwanji kamwana aka kuti muzikathamangitsa chonchi?"

Lachisanu
Ndadutsa nkhalango, phanga ndi chigawo cha moto. Chala chachikulu chatuluka thuza. Kwaya ya kutchalitchi ndaijomba, ndatumiza uthenga woti mutu ukundipweteka. Apongozi akuti kamunthu sanakaonepo kakudya. "Chifikireni ine, ngakhale madzi sikanamweko." Ndaseka. Iwo sanaseke.

Loweruka
Ndayamba m'mawa, zovala sindinachape. Madzulo ndafika! Chipata cha nyumba yachifumu chikuoneka, latsala dzenje limodzi. Apongozi akutsokomola, kutanthauza tiyi. Ndadina batani loimitsira, ndathamangira kukhitchini. Pobwera ndi thireyi, TV ndi kabokosi komwe azizimitsa, azifunditsa ndi chitenje chawo. "Ndaona kaima chilili, katopa. Kapumuleko, amake Tisa, nako n'kamwana ka munthu." Ndagwada, ndawathirira tiyi, ndafunsa ngati shuga wakwana.

Lamulungu
Alamu akwera basi yam'mawa, kabokosi kali m'chikwama. Andifunsa ngati ndinafika. Ndati ndinafika pakhomo koma sindinaodire. Ana akuti ku Lusaka kwatuluka kale gemu ina yatsopano, kamunthu kake kamayenda mbali zonse. Ayende. Pa Misa chala changa chikudinabe benchi, ndipo apongozi, pambali panga, akupempherera onse othamangitsidwa popanda chifukwa. Ndayankha "Amen."