Momwe a Meja Gwedeza Adakalambira M'sabata Imodzi

M'mudzi wina umene dzina lake sitilitchula pano, poopa kuti eni ake angadzizindikire, mudali kampu ya asilikali makumi anayi. Kampuyo idali yamtendere. Chiyimangireni, mdani amene adayesapo kulowamo adali mbuzi za anthu a m'mudzimo, ndipo kawirikawiri mbuzizo n'zimene zinkapambana.

Mkulu wa kampuyo adali a Meja Gwedeza. Pa chitseko cha ofesi yawo padalembedwa kuti: Mtsogoleri Wamkulu wa Kampu, Mlonda wa Mtendere wa Mudzi ndi Madera Ozungulira, komanso Tate wa Kulimba Thupi. Udindo womalizawu adadzipatsa okha chaka chimene mimba yawo idayamba kutsogola kulowa mu ofesi iwo akadali pakhonde.

Koma amene ankadziwa za kulimba thupi pakampupo adali Sajeni Felesiya Kamwaza, mayi wamfupi, wa ana awiri, wosakonda kuchulutsa gaga m'diwa. Iyeyu ndiye ankasunga wezulo, kawotchi koyesera nthawi ndi mndandanda wa malikisi, ndipo chaka chilichonse ankayesa asilikali onse pa bwalo la perete.

Mayesowo adali ndi magawo atatu. Msilikali ankachita mapushapu kwa mphindi ziwiri, masitapu, ogona chagada n'kumadzuka aja, kwa mphindi ziwiri, kenaka n'kuthamanga makilomita atatu. Gawo lililonse lidali ndi malikisi 100, ndipo wopeza ochepera 60 pa gawo limodzi lokha ankawerengedwa kuti walephera zonse. Malikisiwo sankachokera m'mutu mwa munthu ayi. Mndandanda udachokera ku likulu la asilikali, ndipo udagawidwa potengera zaka. Mnyamata wa zaka makumi awiri ankayenera kuchita mapushapu 40 kuti apeze 60, pamene munthu wa zaka 49 ankakhoza ndi 22 okha. Munthu akamakula, mndandanda unkamumvera chisoni.

Sajeni Kamwaza ndiye sankamvera munthu chisoni. Ankaika chibakera chake pansi, ndipo pushapu imene chifuwa sichidakhudze chibakeracho sinkawerengedwa. Ankangobwereza nambala yomweyo mpaka munthu atatsika bwinobwino. N'chifukwa chake asilikali adamupatsa dzina loti Mayi Bwerezani, koma ankamukonda, poti malikisi ake sadali okondera.

Mabwana anayi a pakampupo sankayesedwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, tiyi ali m'manja, n'kumaomba m'manja ena akamadutsa ndi thukuta. Madzulo ake ankalembedwa kuti akhoza, pa chifukwa chomveka bwino chakuti kuyang'anira nakonso n'kotopetsa.

Ndiye chaka china kudabwera kalata. Likulu lidalamula kuti aliyense wovala yunifolomu ayesedwe, kuyambira wotsegula geti mpaka mwini kampu, ndipo nthumwi yake idzakhalapo kudzaona ndi maso. Wolephera adzatula pansi udindo ndi kubwerera ku sukulu ya usilikali miyezi itatu, kukameta mpala ndi kukwawa m'matope limodzi ndi anyamata ongolembedwa kumene.

A Meja adawerenga kalatayo kawiri. Atasonkhanitsa asilikali adanena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iwo adzakhala oyamba kusonyeza chitsanzo. Tsiku lotsatira adaitanitsa Sajeni kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu kuti awayese mwachinsinsi. Adali ndi zaka 49, choncho ankafunika mapushapu 22. Adachita anayi. Pa yachisanu adatsika bwino ndithu, koma kumeneko n'kumene adakhalitsa, ndipo Sajeni adachita kuwadzutsa. Zothamanga adati aziona tsiku lina popeza kunja kudali mphepo.

Masana omwewo kudakhazikitsidwa Komiti Yapadera Younikanso Kaunikidwe ka Mayeso, a Meja ali wapampando ndipo wachiwiri wawo, a Kaputeni Likongwe, ali mlembi. Komitiyo idakumana masiku asanu, idadya nkhuku zisanu ndi imodzi, n'kutulutsa mndandanda watsopano. Nyenyezi iliyonse ya paphewa inkapatsa munthu malikisi makumi atatu asadagwire n'komwe pansi. Mimba idatchedwa nkhokwe ya mphamvu ndipo inkaonjezera ena. Pa mapushapu kutsika kokha n'kumene kunkawerengedwa, chifukwa kukwera n'kungobwerera kumene wachokera. Ndipo wothamanga kwambiri ankachotseredwa malikisi, pakuti akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika, komanso msilikali waliwiro ndiye amayamba kuthawa nkhondo ikavuta.

Sajeni adalamulidwa kuyesa mndandandawu pa zotsatira za chaka chatha. Adawerengera mosamala monga mwa nthawi zonse. Kopolo Mbalule, amene ankathamangitsa mbuzi mpaka mbuziyo kugona pansi yokha, adapeza malikisi 31. A Meja adapeza 340 pa 300. Komiti idaomba m'manja n'kutumiza ntchito yake ku likulu. Patangopita masiku anayi pepala lidabwerera, pamwamba pake patalembedwa liwu limodzi ndi cholembera chofiira: Ayi.

Apa mtima wa Sajeni udakhala pansi, koma sudakhalitse. Kutatsala sabata imodzi kuti mayeso achitike, a Meja adamuitana mu ofesi. Adawapeza atayala mndandanda weniweni uja pa tebulo, chala chawo chikuyenda pang'onopang'ono kutsata zaka. Chidadutsa 49, chidadutsa 55, n'kukaima pa mzere womaliza, wa anthu a zaka 60 ndi kupitirira. Pamenepo padali mapushapu asanu, masitapu asanu ndi atatu, ndi kuyenda, osati kuthamanga, makilomita awiri.

A Meja adamwetulira ngati munthu amene wapeza bowa pakhomo pake. Adafotokoza kuti akhala akukayika za zaka zawo kuyambira kale, chifukwa makolo akale sankalemba masiku, ndipo mawondo awo akhala akuwauza kuti ndi a munthu wa zaka 63.

"Bwana," adatero Sajeni, "mzere umenewo ulipo ndithu, koma munthu akafika zaka zimenezo..."

"Sajeni, inu mudalembedwa ntchito yowerenga mapushapu. Zaka zanga ndiwerenga ndekha."

Adaonjeza, mwaulemu ndithu, kuti ku phiri la kumalire kukufunika sajeni wodziwa kuwerenga, ngakhale kuti kumeneko sukulu ili pa mtunda wa tsiku lathunthu. Sajeni adaganizira ana ake awiri, wamkulu ali pafupi kulemba mayeso a sitandade 8. Adaganiziranso mwamuna wake, kalipentala amene anthu a m'mudzimo adali atayamba kumuzolowera. Adameza mawu ake. Chimene adapempha n'chimodzi: iye sadzalemba zaka za munthu ndi dzanja lake pokhapokha patabwera kalata yolumbirira, yadidindo. A Meja adati imeneyo ndi nkhani yaing'ono.

Sajeni adayesanso kukamba ndi a Kaputeni Likongwe, poganiza kuti mwina iwo amva. A Kaputeni adamuyankha kuti ana a masiku ano vuto lawo ndi nsanje, safuna kuona akulu akulemekezedwa. Iwonso adali atayamba kale kumva nyamakazi.

Mboni yoyamba imene a Meja adaifuna idali mayi awo owabereka, gogo wa zaka 68 amene ankalimabe dimba lake yekha. Atamva pempholo, gogoyo adaseka mpaka kugwira nthiti. Adati ngati zili choncho ndiye kuti adabereka ali ndi zaka zisanu, ndipo chozizwitsa chotere akadachikumbukira. Adakana. Mwamwayi padali malume awo ena amene chikumbumtima chawo chinkafewa chikathiridwa madzi oyenera. Malumewo adalumbira kuti mphwawo adabadwa chaka cha dzombe, iwo akuona. Chidindo chidamenyedwa.

Mabwana ena atatu aja adatsata njira yomweyo. A Kaputeni adapezeka kuti ndi aakulu kuposa achimwene awo oyamba kubadwa. M'sabata imodzi yokha kampu idakalamba ndi zaka zoposa makumi asanu. A Meja adasiya kudaya tsitsi, adagula ndodo, ndipo akamakhala pampando ankabuula kuti ayi, ukalamba si matenda. Sajeni adalandira makalata anayiwo, adawamata pa mafomu, n'kulemba zimene zidalembedwamo popanda kuonjeza kapena kuchotsa.

Tsiku la mayeso mudzi wonse udabwera kudzaonerera. Nthumwi ya ku likulu idali bambo wowonda, wa magalasi, wosalankhulalankhula, amene adakhala pa mpando wamba ndi kabuku pamwendo. Asilikali adachita zawo. Kopolo Mbalule adapeza malikisi 296 ndipo adadandaula nawo anayi otsalawo. Sajeni mwini, atapereka wezulo kwa mnzake, adapeza 281.

Kenaka idafika nthawi ya okalamba. A Meja adapereka ndodo yawo kwa msilikali, adagwada mwaulemu, n'kuchita mapushapu asanu ndi awiri, onse okhudza chibakera. Masitapu adakwana. Makilomita awiri adawayenda mwachifatse, akupatsa anthu moni m'njira ndi kufunsa za odwala kunyumba. Amayi adalulutira. Onse anayi adakhoza, ndipo mbuzi imene idaphedwa tsiku limenelo idali yoyamba kugonja kotheratu pakampupo.

Anthu atadya, nthumwi idaimirira kutsogolo kwa perete. Idayamika asilikali onse. Idayamika mwapadera mabwana anayi aja, amene idati asonyeza mphamvu zosowa pa msinkhu wawo. A Meja adagwedeza mutu modzichepetsa. Kenaka nthumwiyo idapepesa m'malo mwa likulu. Idati n'zochititsa manyazi kuti anthu achikulire chotere akhala akugwiritsidwa ntchito mpaka lero, pamene lamulo likuti msilikali akakwanitsa zaka 60 azikapuma. Mzere womaliza uja, idatero, udaikidwa chifukwa cha asilikali opuma amene amafuna ganyu ya ulonda. Cholakwacho chikonzedwa lero lomwe. Anayiwo apereke makiyi dzuwa lisadalowe, ndipo pamene likulu likufuna mtsogoleri wina, kampu ikhale m'manja mwa wamkulu wotsala, Sajeni Kamwaza.

Sajeni adayang'ana pansi kuti asakumane maso ndi munthu. Nthumwi idagwira chanza okalambawo mmodzimmodzi ndi manja awiri, idakwera galimoto yake, n'kunyamuka.

A Meja adaima kukamwa kuli yasa mpaka galimoto idatuluka pa geti. Kenaka adataya ndodo.

Anthu a m'mudzimo amakambabe za liwiro limenelo. Munthu wamkulu, jombo kuphazi, nyenyezi paphewa, adalowa mumsewu akukuwa kuti galimoto iime. Msewuwo udali wokumbikakumbika, kotero galimoto inkayenda monyang'ama, koma sinkaima. Sajeni sadaganize n'komwe. Chala chake chidadina kawotchi chokha monga chinkachitira munthu aliyense akadutsa pa geti akuthamanga, ndipo adalumphira pa njinga yake n'kuwatsata. Adadutsa pa mjigo, adadutsa pa sukulu, nkhuku zikubalalika. A Meja sadaime, sadayang'ane m'mbuyo, ndipo za mphepo sadazitchule. Adaipeza galimoto itaima pa chigayo, pamene asilikali onse ankathera makilomita awo atatu, woyendetsa akugula nthochi. Sajeni adadinanso kawotchi.

Ali wefuwefu, atagwira chitseko cha galimoto, a Meja adalumbira kuti ali ndi zaka 49, kuti mayi awo alipo ndipo akhoza kuchitira umboni, kuti malume awo ndi chidakwa chodziwika mudzi wonse. Nthumwi idamvetsera modekha. Idatulutsa kalata ija, idayang'ana chidindo, idayang'ana imvi.

"Agogo, pepala ili mudasaina nokha," idatero. Kenaka idatembenukira kwa Sajeni. "Musawalole abwerere wapansi padzuwa lino."

Galimoto idapita. Sajeni adawathandiza kukwera pa kaliyala, ndipo adayamba kupalasa kubwerera ku kampu, njinga ikulira ndi katundu. Atafika pa mjigo paja, mpweya utabwerera, a Meja adafunsa ndi mawu otsika chimene iye ankayang'ana pa kawotchi kake.

"Mphindi 19, bwana. Munthu wa zaka 49 amapatsidwa 21."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Malikisi 72," adatero Sajeni, akukwera chitunda. "Pothamanga pokha mukadakhoza. Mapushapu tikadawapeza pa mwezi umodzi."