Kabudula wa Malemu M'ndege

Ayi, umuuze mdzukulu mnzakoyo kuti sindinavule chifukwa cha kutentha. Akumunamiza ndi bambo akewo, mwana wanga yemwe, pomwe m'ndegemo iye munalibe. Lemba bwino, poti mtsikanayo akuphunzira udotolo, amve mmene anzake amachitira.

Nkhondo itatha tinabwerera kuno ku Zobue kuchoka kumsasa ku Mwanza, agogo ako aamuna n'kumwalira tisanakolole n'kamodzi komwe. Ndiye bambo ake a mtsikanayo, ali ku Maputo, ananditumizira bilyeti ya ndege kuti ndikapumuleko. Amayi a kutchalitchi anandiopseza, akuti pamakwerero a ndege pamawomba chimphepo chokweza kapulana, chitenje chathuchi, mpaka kumutu. Ine n'kuvala mkati kabudula wa malemu. Pamwamba kapulana imodzi yokha, inayo ndinamangira mbatatesi za mphatso, zomwe anandilanda n'kukaika kunsi kwa ndege. (Pokwera ku Tete mphepoyo sinawombe n'komwe. Lembanso zimenezo.)

Pafupi nane panakhala bambo wa magalasi. Ndinamuzindikira, anali dotolo amene anabwerapo pa galimoto kudzatiyeza maso obwererafe. Ndinamupatsa moni, anayankha bwinobwino.

Tili m'mwamba ndinamva kubuula kumbuyo. Ine kumsasa ndinali mzamba, kubuula kwa mimba sindingakusokoneze ndi kwina. Anali mtsikana wa ku Moatize, Mnyungwe. Mimba inamuyamba ndege isananyamuke, iye n'kubisa poopa kuti amutsitsa, mwamuna wake akumudikira ku Maputo. Mtsikana wogawa tiyi analengeza m'Chipwitikizi, ine ndinangotolapo liwu limodzi, dotolo. Anabwereza kawiri, katatu. Bambo uja anangokweza nyuzipepala mpaka kubisa magalasi.

Ndinati, "A dotolo, akukuitanani."

Akuti, "Amayi, ine ndine wa maso."

"Nanga mwana akabadwa sakhala ndi maso?"

"Zobereketsa ndinaziona kusukulu basi. Muno mulibe zipangizo. Chikalakwika china adzati ndapha ndine."

"Mukakhala pampandopo adzati wapha ndani, ine?"

Munthu wamkulu, sukulu zaka zonsezo, boma litamuveka malaya oyera. Ndinamugwira mkono n'kumukoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

Tifike kumbuyo, mtsikana amugoneka pansi, mwana wayandikira, azibambo onse atembenuza makosi. Apa ndi pamene nzeru zinandithawa. Ndinayang'ana dotolo uja, n'kuona kuti ndi mwamuna.

"Inu, imani uko. Mwamuna salowa m'chikuta."

"Koma mwandikoka ndinu, amayi."

"Ndakukokani kuti mukhale pafupi, osati muzionerera."

(Usaseke iwe, lemba.)

Chotchingira panalibe. Ndinamasula kapulana yanga osaganiza, nsonga ina ndinapatsa wa tiyi uja, ina dotolo, atayang'ana kumbali. Nditagwada ndinamva ndege yonse yati zii. Kanjira ka m'ndege n'kopanikiza: kapulana inatchinga mtsikana, koma ine kumbuyo kwanga kunatsalira kunja, kuloza anthu. Tsono kabudulayo anali ndi chigamba chachikulu pokhalira, cha thumba la ufa wa kumsasa, cha zilembo zikuluzikulu. M'ndege mumakwera anthu ophunzira okhaokha. Onse akuwerenga. Mpaka lero sindidziwa kuti panalembedwa chiyani, palibe afuna kundiuza.

Mwana anatuluka, wamwamuna, koma chete. Thupi lofooka. Ndinamupukuta, ndinamumenya kumapazi, ndinamuzondotsa. Chete. Mayi ake akufunsa m'Chinyungwe kuti bwanji sakulira. Ine zanga zonse zinali zitathera pomwepo.

Ndinati, "A dotolo, mukudikira chiyani kunjako?"

"Munandiletsa."

"Ndiye mumvera nkhalamba yovala kabudula?"

Anataya kapulana n'kugwada. Mantha aja sindidziwa anapita kuti. Anamupukuta m'kamwa, anaika pakamwa pake pa kamphuno ndi pa kakamwa ka mwana, n'kumauzira pang'onopang'ono. Ine ndikupemphera cham'mimba. Kenako kamwana kanatsokomola, kanati ng'ee.

Ndiye uone anthu. M'manja phaphapha, onse kwa dotolo. Woyendetsa ndege anatuma munthu kudzamuthokoza. Mayi uja akuti mwana adzamutcha dzina la a dotolo. Munthu woti ndinachita kumuzula pampando. Sindikukana, mpweya unali wake, ine ndekha mwanayo ndikanamutaya. Koma anamufikitsa pamenepo ndani? Ine palibe anati obirigado, zikomo wawo uja, ankangoyang'ana pachigamba.

Kapulana yanga anakulungira mwana, n'kupita nayo pa ambulasi. Wa tiyi anandipatsa kabulangeti kosakwana n'kuzungulira komwe. Ndikutsika pamakwerero ku Maputo, chimphepo cha amayi a kutchalitchi chija chinabwera, kabulangeti mpaka kumutu. Ndipo kutsogolo kwaima mwana wanga ndi mkazi wake, mpongozi woti tinali tisanaonanepo, maluwa ali m'manja. Mpongoziyo ndiye mayi ake a mtsikanayo, amadziwa, akawafunse chimene anayamba kuona kwa ine.

Tsono umuuze mtsikana wathu wa udotoloyo chonchi. Akadzamva akuitana dotolo, kaya adzakhala wa maso kaya wa mano, adzadzuke poitana koyamba, mantha azinjenjemera nawo akuyenda. Ndipo nkhalamba ikadzamuuza kuti ima uko, asadzaime. Za kabudula, ndikanati ndikwerenso ndikanamuvalabe, kungoti kapulana ziwiri.

Ayi, usafufute kalikonse. Tumiza tsopano, bambo akewo asanamuuze bodza lina.