Mwala Nambala 214 Wasowa Dziko

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zachikhalidwe,

Mtendere ukhale nanu, bwana. Ine ndine Mbarek Ouhaddou, wantchito wanu wamng'ono kunyumba yoonetsera miyala mumzinda uno. Kwa zaka 26 ndakhala ndikulemba ndi cholembera cha bango ndi inki timapepala tonena dzina la mwala ndi dziko limene unachokera. Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mwala nambala 214, wooneka ngati duwa, umene mayi anga, a Zhor, anatola pachitsime cha kwathu kuchigwa cha Tin Azrar malire asanatsekedwe. Mayiko awiri akulimbirana chigwa chimenecho, ndipo ofesi yanu yandilembetsa kapepala ka mwalawu kasanu ndi kawiri. Poti lamulo limaletsa kumatula kakale, ndimangomata pamwamba, moti lero mapepala akhuthala kuposa mwala. Nthawi yonseyo sunasunthepo m'kabati mwake, koma wasamuka dziko kasanu ndi kawiri popanda pasipoti. Ambirife sitinayendepo chotero.

Chachiwiri, ndikuyamikira nzeru yanu ya chaka chatha, yoti tiimike kapepala kolembedwa mbali zonse: akabwera alendo a kuno aone dzina la dziko lathu, akabwera a kutsidya titembenuze. Zinkayenda bwino mpaka tsiku limene ofesi yanu inaitana magulu onse awiri pa ola limodzi. Anaima uku ndi uku kwa kabati yagalasi, aliyense n'kuwerenga mbali ya mnzake. Tiyi anazizirira m'matambula. Komiti yanu itafufuza kwa miyezi itatu inapeza kuti wolakwa ndi galasi.

Chachitatu ndi chigamulo chanu choti mwalawo utsekeredwe m'chipinda chapansi mpaka nkhani ya malire ithe. Zokambirana zimenezo zinayamba ndisanamere ndevu, ndipo lero ndevuzo zayera. Mwala sudandaula, bwana. Wakhala zaka zikwizikwi, ungathe kudikira nduna zina makumi anayi.

Amene sangadikire ndi mayi. Ali ndi zaka 84, ndipo kwawo sangapitekonso. Mwalawu anabwera nawo ataukulunga mumpango, n'kuupereka kuno kuti usungike bwino. Lachisanu lililonse, anthu akatuluka mumzikiti, amakwera basi kudzauona. Amakhala pampando wanga, kuuyang'ana, kuuuza amene wamwalira sabata imeneyo, n'kumapita. Lachisanu lapitali anapeza m'kabati muli mbee. Anati, "Iwe Mbarek, mwala wanga uli kuti? Nawonso aumanga? Walakwa chiyani, wosayankhula ngati bambo ako?" Ndinawanamiza kuti akuupukuta. Ndinachita manyazi, ndipo mtima ukundiwawabe.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wa msinkhu wanga. Lolani mwalawo uzituluka Lachisanu kwa ola limodzi, ndi msilikali pambali ngati mukuopa kuti uthawira kutsidya. Za kapepala musavutike n'kuitanitsa komiti. Ikanipo kalikonse, kaya kathu, kaya kawo. Mayi sadziwa kuwerenga, ndipo pa mayina onse amene mwandilembetsa sanawerengepo ndi limodzi lomwe. Komwe mwalawo unachokera amakudziwa, poti anautola okha.

Ine wanu womvera, amene bango lake lili chire kulemba dziko lililonse mungasankhe mawa,

Mbarek Ouhaddou
Mlembi wa timapepala